Abambo Akuti Angathe Kugwira Ntchito

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno ku Toronto tilipo, koma mtima wanga suli m'malo, ndipo sindikuona wina woti ndimukhuthulire kupatula inu. Zaka ziwiri zakwana chikuikireni m'manda. Ndikadali kuiwala, nkhani ikandipeza ndimatenga foni kuti ndikuyimbireni.

Ndiyambe ndi zabwino, monga munkanenera kuti mlendo sayamba ndi uthenga wamaliro asanamwe madzi. Thoko wanga anachira mu Malichi, mwana wamkazi, ndipo tam'patsa dzina lanu, Elube. Ali ndi chipumi chanu ndiponso mawu anu, akalira nyumba yonse imamva. Thoko amamuyankhula Chingerezi chokhachokha. Ine ndikam'nyamula ndimam'nong'oneza Chichewa, kuti mwina china chikhalire m'khutu. Kadimba kanu kaja kuseri kwa tchalitchi sindinakataye. Nkhwani zinachita bwino, bonongwe ndiye anangodzimerera yekha, ndagawira mpaka azimayi a ku Zambia aja munkayimba nawo. Chimanga chokha agologolo anatha ndisanalaweko. Kumudzi ku Mchinji, azakhali akuti mvula inadula chimanga chikumasula, koma mtedza apezako. Chikepe cha m'nyumba yathu ino chafa kawiri chaka chino, ndipo mawondo anga ayamba kuyankhula ngati anu.

Tsopano nkhani yeniyeni, Amayi. Ndi ya amuna anu, Abambo.

Chichokereni inu, mutu wawo wakhala ukuchepa. Poyamba ankangoiwala kuti adya. Kenako Chingerezi chinayamba kuwathawa, chija ankawerengera nyuzipepala. Chatsala ndi Chichewa, chimene anaphunzira m'sitolo ya amalume awo ku Chipata ndi pakamwa panu, komanso zinenero zina zakale zimene sitinawamvepo akuyankhula. Mu Januwale anatuluka ine ndili kuntchito kuchipatala, Thoko akusamba. Anawapeza pamalo okwerera basi, chipale chofewa chikugwa, ali ndi malaya okha ndi masilipasi. Dalaivala wa basi ndiye anawalowetsa n'kuitana apolisi. Zala ziwiri zakuphazi zinatsala pang'ono kuwonongeka.

Mlongo wanga Yosefe anabwera kuchokera ku Hamilton sabata yomweyo. Anati, “Achemwali, tisanamizane. Inu muli ndi mashifiti, ine ndili kutali, Thoko ali ndi pakati. Tsiku lina tidzawapeza atauma panja. Tiwalembetse kunyumba yosamalira okalamba.”

Ndinamukalipira. Ndinati kwathu munthu sataya kholo. Iye anati, “Kwathu kulibe chisanu chopha munthu, komanso kwathu pakhomo pamakhala anthu khumi.” Ankanena zoona. Tinalemba mafomu.

Mu Epulo kunabwera mayi wina wochokera ku ofesi yoona za okalamba, kudzaona mmene Abambo alili. Anali munthu waulemu, anavula nsapato pakhomo, anawapatsa moni mowagwira dzanja. Anakhala pampando wanu uja wa pawindo, pepala ndi cholembera zili pamwendo. Anafunsa mafunso ine n'kumamasulira: lero ndi lachingati, mukukhala kuti, mwadya chiyani. Abambo ankangomwetulira, ena kukhoza, ena kulakwa. Kenako mayiyo anati, “A Samuel, taimirirani, muyende mpaka pachitseko n'kubwerera. Ndikufuna ndione ngati mungathe.”

Ndisanathe n'kumasulira komwe, nkhope ya Abambo inasintha. Anayang'ana pepala lija, kuyang'ana cholembera. Anakweza manja n'kuyamba kudzitsina masaya mwamphamvu, mpaka anafiira. Anakankha ndodo yawo ndi phazi kuti ibisale pansi pa mpando. Ndiye anaimirira, Amayi, munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi anayi, amene timachita kumudzutsa awiri. Anaima njo, chifuwa patsogolo, manja m'mbali. Anakuwa mawu ena m'chinenero chachilendo, kenako anatembenuzira maso kwa ine osasuntha mutu.

Anati, “Auze ndili ndi zaka sikisitini. Auze ndine wamphamvu, ndingathe kugwira ntchito. Sindidwala ine. Auze msanga!”

Ndinati, “Abambo, khalani pansi, amayiwa angobwera kudzakuonani.”

“Usatero! Okhala pansi amawatenga!”

Anayenda mpaka pachitseko n'kubwerera popanda ndodo, thukuta lili kamukamu. Atafika pa ine anandigwira mkono ndi mphamvu imene sindinkadziwa kuti akadali nayo, n'kufunsa motsitsa mawu, “Walemba chiyani? Wandiika mbali iti?” Mayi uja anali atatembenuza kale pepala lake. Anawauza pang'onopang'ono kuti achita bwino kwambiri ndipo sapita kulikonse. Potuluka anandifunsa ngati Abambo anali ku Ulaya nthawi ya nkhondo. Ndinati inde, ndi Myuda wa ku Hungary. Anapepesa, nati akanadziwa sakanabwera ndi pepala m'manja.

Amayi, ine ndinkadziwa chiyani? Ndinkadziwa zimene aliyense amadziwa, kuti pankhondo yachiwiri ija boma la Anazi ku Jeremani linasonkhanitsa Ayuda m'mayiko ambiri n'kuwapha mwaunyinji. Ndinkadziwa kuti Abambo alibe m'bale wina kupatula amalume aja. Ndinkadziwa nambala ili pamkono pawo, imene ankaibisa ndi malaya amanja aatali ngakhale m'dzuwa la Okutobala. Mukukumbuka nditaifunsa ndili sitandade fili? Munandikokera kukhitchini n'kunena kuti, “Chilonda cha munthu sachifunsa. Ukachiona, umangoyenda bwino kuti usachiponde.” Ndayenda bwino zaka makumi asanu ndi zina. Kodi inu anakuuzani? Kapena nanunso munkangoyenda bwino?

M'mawa mwake mutu wawo unali bwino ndithu, monga zimachitikira masiku ena. Ndinawakhazika pakhonde kuti awothere dzuwa, ine ndikusankha nyemba. Anayamba okha, ndisanafunse. Anati, “Esitere, dzulo ndakuchititsa manyazi.” Ndinati ayi. Anati, “Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Sikisitini lija linali bodza.”

Sananene zonse tsiku limodzi. Zinatenga masabata, apa pang'ono apo pang'ono, zina kubwereza, zina kusokoneza. Ndazilumikiza mmene ndathera, ndipo ndikukulemberani kuti ngati simunazimve, muzimve kwa mwana wanu.

Bambo awo anali telala m'katauni kena. M'nyumba anali anthu asanu: bambo, mayi, agogo aakazi, iwowo, ndi mng'ono wawo Dani, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Poyamba anawaletsa sukulu. Kenako anawauza kuti asokerere pazovala nyenyezi yachikasu yosonyeza kuti ndi Ayuda, ndipo bambo awo anazisoka bwinobwino, mizere yowongoka, poti anali munthu wosafuna ntchito yosalongosoka. Kenako apolisi anawatulutsa m'nyumba, anthu oyandikana nawo akuonerera m'mawindo. Anawasunga pamalo oumbira njerwa, ndipo patapita masabata anawakweza m'mabogi a sitima onyamulira ng'ombe. Akuti munali chidebe chimodzi cha madzi ndi china chodzithandizira, anthu odzaza moti kukhala pansi kunali kosinthana. Agogo anafera m'njira, atatsamira anzawo.

Zitseko zitatseguka kunali agalu, kukuwa, ndi akaidi owonda ovala zamizeremizere amene ankatsitsa katundu. Mayi awo anakankhidwira kumzere wa akazi. Abambo anali atagwira Dani dzanja. Mmodzi wa owonda aja anawadutsa pafupi n'kunong'ona osawayang'ana, “Uli ndi zaka sikisitini. Mwanayo m'patse mzimayi aliyense.” Sanamvetse. Munthu uja anabwereranso n'kuwatukwana, “Musiye, chitsiru iwe, ukufuna kufa?”

Apa, Amayi, Abambo anati, “Anandigwira ndi manja onse awiri. Ndinachita kumasula chala chimodzichimodzi. Ndinam'pereka kwa mayi wina amene sindinkam'dziwa n'komwe. Ndinati, Dani, pita ndi amayiwa, ine ndikubwera pompano. Anasiya kulira chifukwa anandikhulupirira.”

Msilikali wina anali kutsogolo, akuloza ndi chala, uyu uku, uyu uko. Abambo anati sikisitini, ndipo anawalozera kumene anapita bambo awo. Madzulo a tsikulo anafunsa akaidi akale kuti ana ndi azimayi awapititsa kuti. Wina anangowalozera utsi wochokera kumene ankawotcha mitembo.

Patapita masabata angapo anawatumiza pamodzi ndi bambo awo kumsasa wina, wa ntchito yakalavulagaga. Ankanyamula matumba a simenti kukwera nawo pamalo omanga, kuyambira kusanache mpaka kuda. Thumba linkalemera kuposa iwowo. Simenti inkadya khungu la pakhosi mpaka zilonda, ndipo ena ankavala mapepala a matumbawo mkati mwa malaya kuti afunde, koma akakugwira unkamenyedwa. Chakudya chinali msuzi wamadzi ndi kachidutswa ka buledi. Akuti bambo awo ankanyema buledi wawo pakati n'kunena kuti atelala sadya kwambiri. Iwo ankadziwa kuti ndi bodza, koma ankalandira n'kudya. “Ndinkadya, Esitere. Tsiku lililonse ndinkati mawa ndikana, mawalo ndinkadyanso.”

Nthawi ndi nthawi ankawaimika pamzere ali maliseche, munthu wa pepala n'kumadutsa. Wooneka wofooka ankamulemba nambala, ndipo galimoto inkabwera kudzam'tenga. M'pamene anaphunzira kudzitsina masaya kuti aoneke athanzi. Ankatsinanso a bambo awo, kuwawongola msana, kuwauza kuti akweze mutu. Kawiri zinatheka. Kachitatu miyendo ya bambo awo inali itatupa, ndipo anakhala pansi mzere usanathe. Tsiku lotsatira Abambo anapita kukanyamula simenti. Pobwera anapeza pogona pa bambo awo pali munthu wina. Mkaidi woyandikana nawo anawapatsa singano imene bambo awo anaibisa mumsoko wa malaya miyezi yonseyo, nati, “Akuti uzisoka zako, usaoneke wosiyidwa.”

Nkhondo ili pafupi kutha anawayendetsa wapansi masiku ambiri, wotsalira kumuwombera. Za mapeto ake sakumbukira. Anadzidzimuka ali m'chipatala, asilikali achilendo akuwamwetsa ndi supuni. Atachira anabwerera kutauni kwawo. Pakhomo pawo anatsegula chitseko ndi mayi wina wovala khoti la mayi awo, lomwe bambo awo anasoka. Mayiyo anangofunsa kuti, “Nanga iwe watsala bwanji?” n'kutseka. Anadikira pasiteshoni masabata ambiri, sitima iliyonse kuyang'ana ana otsika. Pambuyo pake anthu ofufuza abale anawapezera amalume aja, ndipo ndi mmene anafikira kwathu, mnyamata wosadziwa liwu la Chichewa ndi limodzi lomwe, n'kudzakumana ndi inu patapita zaka mutabwera kudzagula nsalu.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanatiuzire. Anati, “Ndikanakuuzani, mukanandiyang'ana bwanji? Munthu amene anasiya mwana.” Ndinati nawonso anali mwana. Anapukusa mutu. Ndinati akanapanda kum'siya akanafa onse awiri. Anati, “Zimenezo ndikudziwa. Sindidandaula kuti ndinam'siya. Ndimadandaula kuti ndinati ndikubwera.”

Amayi, ine ndi nesi, ndaona zambiri, koma sabata imeneyo ndinkalakwitsa zinthu zazing'ono kuntchito mpaka mkulu wathu anandiuza kuti ndikapume masiku atatu. Ndinakumbuka mmene Abambo ankakanira kutiperekeza kusiteshoni popita kusekondale. Tinkati ndi ouma mtima. Inu munkati, “Bambo anu amatsanzika ndi msana,” n'kutiperekeza nokha.

Ndinamuuza Yosefe zonse. Analira pafoni ngati mwana. Atatha anati, “Ndiye titani, achemwali?” Ndinati zakunyumba ya okalamba zija tizisiye. Ndinachepetsa mashifiti, ndinaika loko wina pachitseko. Koma lokoyo ndiye anaipitsa zinthu. Akapeza chitseko chokhoma amachimenya mpaka manja kutupa. Mu Ogasiti anagwa m'bafa, ine ndinalephera kuwadzutsa, tinakhala pansi pamenepo mpaka a ambulansi anafika. Msana wanga sunabwererenso mwakale. Ndipo tsiku lina Thoko atabwera ndi mwana, Abambo anam'landa Elube m'manja n'kukana kum'bweza, akuti kukubwera anthu odzatenga ana. Anam'panikiza pachifuwa mpaka mwana anayamba kubanika. Tinachita kuwanyengerera nthawi yaitali. Thoko sanabwerenso ndi mwanayo, ndipo sindikum'dzudzula.

Mwezi watha a ku ofesi ija, poti mafomu aja anali akadali nawo, anatiyimbira kuti malo apezeka kunyumba ina ku North York, kumene kuli okalamba ambiri achiyuda. Ndinapita ndekha kukaona. Ogwira ntchito kumeneko amazidziwa zimenezi. Savala yunifolomu, saimika anthu pamzere, sakakamiza munthu kulowa m'shawa, ndipo buledi amamusiya patebulo tsiku lonse kuti wofuna kubisa abise. Ndinapezako mtsikana wa ku Dedza amene amagwira ntchito yosamalira, anati, “Anesi, musadandaule, agogowo ndizicheza nawo m'Chichewa.”

Kenako ndinapita nawo Abambo kuti akaone. M'chipinda chochezera munali gogo wina wamkazi panjinga ya olumala. Atamva dzina lawo anawafunsa kanthu m'chinenero chawo chakale. Abambo anadzidzimuka, n'kuyankha. Anayankhulana mwina theka la ola, Amayi, mawu akungotuluka ngati madzi, munthu amene kunyumba amasowa dzina la supuni. Pena anaseka, kuseka kumene sindinakumvepo. Ine ndinakhala pambali ngati mlendo. Ndinasangalala, komanso ndinamva nsanje, ndikuvomera. Atatha anatembenukira kwa ine n'kunena, “Basi, tiye kwathu. Amayi ako akudikira.”

Ndasayina, Amayi. Apita Lolemba likubwerali. Yosefe ndi anthu a kumeneko anandilangiza kuti ndisawauze, ndingowatenga ngati tikupita kukacheza, akakhazikika ndinene kuti ndikupita kukagula kanthu, ndizembe. Akuti ambiri amatero, ndipo okalambawo amaiwala. Mwina kwa ena zimathandiza. Ine ndakana.

Dzulo masana ndinadikira mpaka maso awo ataoneka kuti akundidziwa. Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo monga munatiphunzitsira, ndinati, “Abambo, ine ndalephera kukusamalani ndekha. Lolemba ndikupititsani kunyumba ija tinapita. Muzikagona komweko. Simudzabwereranso kuno kudzakhala.”

Anandiyang'ana. Anafunsa, “Kuli ntchito yanji?”

“Kulibe ntchito, Abambo. Mwagwira kale yokwanira.”

“Nanga osagwira ntchito amawatani?”

“Amawapatsa chakudya. Amawafunditsa. Akadwala amawapatsa mankhwala.”

Anaseka pang'ono ngati ndanena zachibwana. Kenako anati, “Iwe ukhala kuti?”

“Kuno. Ndizibwera ndikaweruka, pabasi. Tsiku limene sindibwera ndizikuuzani kuti mawa sindibwera.”

Anasisita mkono wa mpando. Ndinkayembekeza kuti akalipa kapena alira. M'malo mwake anaika dzanja pamutu panga, n'kunena mawu ena aatali m'chinenero cha mapemphero awo, amene sindinawamvepo m'nyumba mwathu. Atamaliza anati, “Bambo anga ankatero kwa ife Lachisanu lililonse. Ndimayesa ndinaiwala.” Patangopita kanthawi anandifunsa ngati ndine nesi watsopano, ndiponso ngati ndaona kumene mwapita inu.

Sindikudziwa ngati ndachita bwino. Munkati mutu umodzi susenza denga, koma simunanene kuti denga likakhala bambo ako umalitula bwanji. Kutchalitchi ena ayamba kale kunong'ona kuti Esitere wasanduka mzungu. Azakhali sindinawauze. Masutikesi awiri ali pakhomo, ndaikamo malaya awo amanja aatali, chithunzi chanu cha pa ukwati wa Yosefe, ndi bulangeti lanu lofiirira, limene sindinalichape chichokereni.

Ndikulonjezani izi, Amayi. Lolemba ndikawalowetsa ndekha m'chipinda chawo, ndikawayalira bedi ndekha, ndipo pochoka sindikazemba. Ndikaima pamaso pawo n'kuwauza kuti ndikupita, ngakhale alire, ngakhale andigwire. Ndizipita kukawameta ndevu ndi kuwadula zikhadabo monga munkachitira inu, mpaka tsiku limene adzabwere kumeneko kwa inu. Akadzafika, musadzawafunse kanthu. Mudzangowauza kuti akhale pansi, palibe amene awatenge.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri sabata ino.

Ine mwana wanu,
Esitere